Alonda a Nkhokwe za Mapulogalamu a Kompyuta ndi Ziwerengero za ku Ntcheu

Boma la Ntcheu, limene pa kalembera wa mu 2018 linapezeka ndi anthu pafupifupi 660,000, limasonkhanitsa mwezi ndi mwezi ziwerengero za odwala malungo, amayi oyembekezera ndi ana olandira katemera kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono monga za ku Kasinje, Bilira, Tsangano ndi Lizulu, ndipo ziwerengerozi zikafika ku ofesi ya zaumoyo ya pa boma zimalowetsedwa m'kompyuta kuti Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe uzione pokonza ntchito zake. Ntchitoyi imayambira m'manja mwa anamwino ndi alangizi a zaumoyo, amene amalemba ndi cholembera m'makaundula a pepala, koma ikangofika pa kompyuta imatsamira pa mapulogalamu amene mbali yake yaikulu inalembedwa kunja kwa dziko lino ndi anthu ambirimbiri ongodzipereka, osalembedwa ntchito ndi kampani imodzi, amenenso ambiri a iwo sanaonanepo maso ndi maso. Funso lakuti ndani amayesa ntchito ya anthu amenewa isanafike kwa oigwiritsa ntchito, ndiponso amaiyesa ndi muyezo wotani, limamveka ngati nkhani ya akatswiri a kutali, chonsecho yankho lake ndilo limachititsa kuti chiwerengero chochokera ku Kasinje chifike ku Lilongwe chili bwinobwino kapena chitapotoka.

Chiyankhulo cha kompyuta ndi dongosolo la mawu ndi zizindikiro limene munthu amalembera malangizo oti makina atsatire, ndipo zina mwa ziyankhulo zodziwika ndi Python, Java, Ruby, Perl ndi R. Popeza ntchito zambiri zimabwerezedwabwerezedwa, monga kuwerengetsa masiku a pakati pa madeti awiri, kujambula mapu kapena kutsegula fayilo, wolemba mapulogalamu sayamba chilichonse pachiyambi, koma amatenga malangizo amene wina analemba kale nawamanga pamodzi ndi kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo mtolo wotere umatchedwa phukusi. Maphukusi a chiyankhulo chimodzi amasungidwa pamalo amodzi pa intaneti, m'nkhokwe imene aliyense angatapemo kwaulere, imenenso anthu wamba amaloledwa kuthiramo zawo. Phukusi limodzi limatha kutsamira pa maphukusi ena 10, lililonse la amenewo n'kutsamiranso pa ena, kotero kuti pulogalamu imene ofesala wa ziwerengero amatsegula m'mawa imakhala itasenza ntchito ya anthu mazanamazana amene iye sadzawadziwa ngakhale mayina.

Ku Malawi kudalira kotereku si kwa dzulo. DHIS2, pulogalamu imene ziwerengero za zipatala zimalowetsedwamo, imapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, mbali yake yaikulu inalembedwa m'chiyankhulo cha Java, ndipo inafika m'maboma a dziko lino cha m'ma 2012. Bungwe la Baobab Health, limene Gerry Douglas analiyambitsa ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linapanga pulogalamu ya makompyuta odina pagalasi yosungira mbiri ya olandira ma ARV, imene inayesedwa koyamba pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2006 isanafalikire m'zipatala zina zambiri, ndipo olemba ake, ambiri a iwo Amalawi, ankagwiritsa ntchito Ruby. Ofufuza a m'masukulu a ukachenjede ndi m'mabungwe a zaumoyo nawonso amagwiritsa ntchito R, chiyankhulo chopangidwira ntchito ya ziwerengero, ndipo nkhokwe ya chiyankhulo chimenechi ndiyo yoyenera kuiyang'anitsitsa, chifukwa ndi imodzi mwa nkhokwe zochepa zimene pakhomo pake pamaima anthu okhoza kubweza phukusi.

R anaiyambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo nkhokwe yake, yotchedwa CRAN, anaitsegula Kurt Hornik ndi Friedrich Leisch ku Vienna mu 1997, potengera chitsanzo cha CPAN, nkhokwe ya Perl imene inayamba mu 1995. Masiku ano CRAN ili ndi maphukusi oposa 20,000, komabe imayendetsedwa ndi kagulu kochepa ka anthu ongodzipereka, ena mwa iwo ndi Hornik yemweyo, Uwe Ligges wa ku Dortmund ndi Brian Ripley wa ku Oxford. Mwa maphukusiwo muli anthro, limene bungwe la World Health Organization linatulutsa kuti liziwerengera ngati msinkhu ndi kulemera kwa mwana zikugwirizana ndi zaka zake, muli survey, la Thomas Lumley, lowerengera zotsatira za kafukufuku wa m'makomo, komanso muli rdhs, lothandiza kutenga ziwerengero za kafukufuku wa zaumoyo wochitika m'mayiko ambiri. Kafukufuku wotere wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira, ndipo wofufuza wofuna kubwereza mawerengero amenewa, kapena kuona mmene zinthu zilili ku Ntcheu kokha, angathe kutero ndi maphukusi atatuwa popanda kulipira ngakhale tambala.

Wofuna kuika phukusi lake mu CRAN amayamba waliyesa yekha ndi chida chotchedwa R CMD check, chimene chimabwera pamodzi ndi R. Chidachi chimaona ngati phukusilo likulowa bwino m'kompyuta, ngati lamulo lililonse loperekedwa kwa wogwiritsa ntchito lili ndi tsamba lake lolifotokoza, ngati zimene tsambalo likunena zikufanana ndi zimene zili m'malangizo enieniwo, ndiponso ngati zitsanzo ndi mayeso amene wolembayo anaikamo zikutha popanda kuphwanyika. Zotsatira zake zimabwera m'magulu atatu, amene ndi cholakwika, chenjezo ndi chidziwitso, ndipo phukusi lokhala ndi cholakwika kapena chenjezo sililandiridwa, pamene chidziwitso chimafuna kuti mwini wake achichotse kapena afotokoze chifukwa chake chilipo. Mayesowa amabwerezedwa pa makina a CRAN a Windows, macOS ndi Linux, popeza malangizo oyenda bwino pa kompyuta imodzi amatha kusokonekera pa ina. Chitsanzo chapafupi ndi cha zilembo zosapezeka m'Chingerezi, monga ŵ amene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, zimene kwa zaka zambiri zinkatha kusanduka zizindikiro zosawerengeka pa Windows, mpaka R 4.2.0 ya mu April 2022 inayamba kusunga zilembo pa Windows mofanana ndi pa makina enawo. Phukusi likakhala latsopano, munthu weniweni amaliwerenganso makina atatha ntchito yawo, ndipo amatha kulibweza chifukwa cha zinthu zooneka zazing'ono, monga mawu ofotokoza phukusilo osanena bwino ntchito yake.

Pali malamulo ena amene makina paokha sangawatsimikize onse, koma ndiwo mtima wa nkhaniyi. Phukusi lililonse liyenera kukhala ndi wolisamala mmodzi wodziwika ndi dzina, munthu osati gulu, wokhala ndi imelo yogwira ntchito, kuti pakagwa vuto pakhale wofunsidwa. Liyeneranso kukhala ndi laisensi, kapena kuti chilolezo cholembedwa chonena zimene ena angachite nalo, ndipo ngati muli malangizo otengedwa kwa munthu wina, mwini wake ayenera kutchulidwa. Phukusi sililoledwa kulemba mafayilo m'malo a wogwiritsa ntchito iye asanavomere, ndiponso sililoledwa kutumiza kwina zinthu zokhudza ntchito imene ikuchitika pa kompyutayo popanda chilolezo chake, lamulo limene kufunika kwake kumaoneka msanga pa kompyuta yosunga mayina a odwala, makamaka tsopano pamene Malawi ali ndi lamulo la mu 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina. Phukusi lotenga zinthu pa intaneti liyenera kunena mwaulemu kuti lalephera pamene intaneti palibe, osati kungophwanyika, ndipo ziwerengero ndi mabuku ofotokozera zobwera nalo siziyenera kupitirira 5 MB pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. Malamulo awiri omalizawa analembedwa ndi cholinga choteteza makina a CRAN ndi nthawi ya antchito ake, koma wopindula nawo kwambiri ndi munthu wa ku Bilira kapena ku Senzani amene amagula yekha bandulo ya intaneti, netiweki n'kumabwera n'kumapita.

Kulandiridwa sikutanthauza kuti mayeso atha. CRAN imayesabe maphukusi onse mosalekeza, ngakhale pa R imene isanatuluke, ndipo wosintha phukusi lake amayembekezeredwa kuona kuti kusinthako sikukuwononga maphukusi ena otsamira pa lakelo, kapena kuchenjeza eni ake nthawi ilipo. Phukusi likayamba kulephera, wolisamala amalandira kalata yokhala ndi tsiku lomaliza, nthawi zambiri masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo akapanda kukonza, phukusilo limachotsedwa pa mndandanda n'kuikidwa pa malo osungira zakale, kumene lingatengedwebe koma popanda wolitsimikizira. Kuchotsa kumeneku kumakoka ena. Mu October 2022 phukusi laling'ono lotchedwa isoband linatsala pang'ono kuchotsedwa, ndipo chifukwa chakuti ggplot2, phukusi lojambulira zithunzi za ziwerengero lofala kwambiri, limatsamira pa ilo, eni maphukusi oposa 4,000 analandira chenjezo, ngakhale kuti vutolo linakonzedwa tsikulo lisanafike. Nkhani yoyenda mwadongosolo kwambiri ndi ya rgdal, rgeos ndi maptools, maphukusi amene kwa zaka zambiri ofufuza ankajambulira mapu, kuphatikizapo mapu osonyeza kufala kwa matenda m'maboma. Wowasamala, Roger Bivand, atafika pa msinkhu wopuma ntchito, analengeza zimenezi kudakali nthawi yaitali, anthu anauzidwa kuti asamukire ku sf ndi terra, ndipo maphukusi atatuwo anachotsedwa mu October 2023. Amene anali ndi malangizo akale ojambulira mapu a Ntcheu ndipo sanamve chilengezocho anangopeza tsiku lina kuti pa kompyuta yatsopano malangizowo sakuyendanso.

Nkhokwe zina zinasankha njira yosiyana. Ku npm ya JavaScript, ku PyPI ya Python ndi ku RubyGems ya Ruby, munthu akatsegula akaunti angathe kuika phukusi nthawi yomweyo popanda wina kuliwerenga, ndipo n'chifukwa chake nkhokwezi zinakula mofulumira, npm mpaka kupitirira maphukusi 1,000,000. Mtengo wa khomo lotseguka unaoneka kangapo. Mu March 2016 Azer Koçulu, atakangana ndi oyendetsa npm pa nkhani ya dzina la phukusi, anachotsa maphukusi ake oposa 250, limodzi mwa iwo left-pad, la mizere 11 yokha, ndipo mapulogalamu ambirimbiri padziko lonse analephera kumangidwa kwa maola angapo, zimene zinachititsa npm kukhwimitsa lamulo lochotsera maphukusi. Mu 2018 mwini phukusi la event-stream, atatopa nalo, analipereka kwa munthu wosamudziwa amene anadzipereka kulisamala, ndipo munthuyo anabisamo malangizo obera ndalama za Bitcoin. Mu 2019 akuba analowa mu akaunti ya mmodzi mwa osamala rest-client, phukusi lofala la Ruby, natulutsa mitundu yake yokhala ndi msampha. Poyankha zoterezi, PyPI inalamula kuti pofika kumapeto kwa 2023 aliyense wosamala phukusi azilowa ndi makiyi awiri, kutanthauza mawu achinsinsi pamodzi ndi chitsimikizo china chochokera pa foni kapena kachida kapadera. Njira imeneyi imatsimikiza kuti woika phukusi ndi mwini akaunti weniweni, koma za zimene zili m'phukusimo sinena kanthu.

Ngozi imene inafika pafupi kwambiri ndi maofesi a zaumoyo a m'Malawi sinachokere kwa wakuba kapena kwa wophunzira kumene. Mu December 2021 kunadziwika kuti Log4j, phukusi la Java lolembera kaundula wa zochitika m'pulogalamu, limene linakhala likugwiritsidwa ntchito zaka zambiri pansi pa bungwe lolemekezeka la Apache, linali ndi mpata wolola munthu wakutali kulamula kompyuta pongotumiza mawu ochepa. DHIS2 inali m'gulu la mapulogalamu otsamira pa Log4j, ndipo opanga ake anachenjeza mayiko n'kutulutsa zigamba, koma udindo woika zigambazo unali wa oyendetsa makina m'dziko lililonse. Nkhokwe ya Java, Maven Central, ili ndi lamulo lakuti chimene chalowa sichichotsedwa kapena kusinthidwa, lamulo labwino loletsa zimene zinachitika ndi left-pad, koma chifukwa cha lamulo lomwelo Log4j yakale yobowokayo inapitirira kutengedwa ndi anthu kwa nthawi yaitali chigamba chitatuluka kale.

Apa ndi pamene malire a miyezo yonseyi ayenera kunenedwa mosabisa. Wogula mbatata ya kachewere pa Tsangano kapena pa Lizulu ali ndi ufulu wokhuthula ndowa kuti aone ngati pansi pake pali zofanana ndi zokongola za pamwambazo, pamene wogwiritsa ntchito phukusi, ngakhale malangizo ake ali poyera, nthawi zambiri alibe luso kapena nthawi yowawerenga, choncho amakhulupirira kuti mlonda wa pakhomo anakhuthula kale m'malo mwake. Chikhulupiriro chimenechi chimapitirira zimene CRAN imalonjeza. Mayeso ake amatsimikiza kuti phukusi likuyenda, lafotokozedwa, lili ndi mwini wake ndipo silikuwononga ena, koma satsimikiza kuti masamu ake ndi olondola. Phukusi lowerengera molakwika miyezi ya kubadwa kwa mwana lingathe kudutsa popanda chenjezo lililonse, n'kumaika ana abwinobwino m'gulu la opinimbira kapena kubisa opinimbira enieni, malinga ngati wolemba wake sanaikemo mayeso ogwira cholakwacho. Mpata umenewu ndi umene magulu ena amayesa kutseka. Bioconductor, nkhokwe ya maphukusi a sayansi ya zamoyo imene inayamba mu 2001, imapatsa phukusi lililonse latsopano munthu woliunika, ndipo rOpenSci, gulu loyamba mu 2011, limapereka phukusi kwa ounika awiri amene amaliwerenga ndi kulemba ndemanga zawo poyera, monga mmene nkhani za sayansi zimaunikidwira zisanasindikizidwe. Phukusi la rdhs lija ndi limodzi mwa amene anadutsa njira imeneyi. Kuunika kotere n'kochedwa ndipo kumafikira maphukusi ochepa okha, koma pa ziwerengero zimene boma lingagawire chakudya cha ana, kuchedwako n'koyenera.

Miyezoyi ili ndi mbali inanso imene siikambidwa kawirikawiri, ndiyo ya katundu amene imasenzetsa wolemba wa m'dziko ngati lino. Kalata yopereka masabata awiri imaganiza kuti woilandira ali ndi magetsi, intaneti ndi nthawi, pamene kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ndi mabanja pafupifupi 11 mwa 100 alionse okha amene amaunikira ndi magetsi a Escom, ndipo namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, moti ngakhale a m'tauni ankakhala maola ambiri mumdima. Makalata onse ndi mabuku ofotokozera zimakhalanso m'Chingerezi cha akatswiri. Izi n'zoona, komabe kupempha kuti muyezo utsitsidwe kwa olemba a m'mayiko osauka kungakhale kudzibaya, chifukwa oyamba kugwiritsa ntchito phukusi lofooka lolembedwa ku Malawi ndi Amalawi omwe. Ndiponso zida zoyesera n'zaulere, popeza R CMD check imayenda pa laputopu wamba popanda intaneti yamphamvu, ndipo CRAN ili ndi makina otchedwa win-builder amene aliyense angatumizeko phukusi lake kuti liyesedwe pa Windows asanalipereke.

Vuto lenileni la kuno lili pa lamulo lija la wosamala phukusi mmodzi wokhala ndi imelo yogwira ntchito. Mapulogalamu ambiri a zaumoyo ndi zaulimi m'Malawi amalembedwa ndi ndalama za pulojekiti ya zaka zochepa, ndipo pulojekiti ikatha wolembayo amapita kwina, imelo ya ku ntchito imatsekedwa, pulogalamu n'kutsala ikugwirabe ntchito pa boma popanda woiyang'anira. CRAN ikanakhala mwini wake ikanaichotsa patangopita masabata ochepa, koma pa ofesi ya boma imatha kukhalapo zaka, ikutsamira pa maphukusi akale amene mabowo awo analengezedwa kale padziko lonse. Pamene ntchito ya Baobab Health inasamutsidwira m'manja mwa bungwe la EGPAF mu 2019, panali bungwe lodziwika lolandira katunduyo, koma mapulogalamu ang'onoang'ono ambiri sakhala ndi mwayi wotere. Malawi Bureau of Standards, imene yakhala ikuyesa katundu wa m'mafakitale ndi m'masitolo kuyambira mu 1972, inazolowetsa anthu kuyang'ana chidindo pa botolo la mafuta ophikira, koma chizolowezi chofunsa mafunso omwewo pa pulogalamu sichinakhazikike.

Zofunika kuchita sizikufuna ndalama zambiri, ndipo zambiri zingakoperedwe ku malamulo a CRAN momwe alili. Unduna kapena khonsolo yolandira pulogalamu kuchokera kwa opereka thandizo ingathe kulamula kuti ibwere ndi mndandanda wa maphukusi onse amene ikutsamirapo pamodzi ndi manambala a mitundu yawo, ndi laisensi yolola Amalawi kuisintha, ndi mayeso amene munthu wina angawayendetse payekha, ndiponso ndi buku limene ofesala wa pa Ntcheu angaliwerenge wolembayo atachoka. Masukulu monga University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo ndi Mzuzu University angapindulitse ophunzira awo powazolowetsa kuyesa ntchito yawo ndi zida zomwezi ndi kuwerenga malangizo a anzawo, chifukwa kukonza cholakwika m'phukusi la wina n'kulandiridwa ndi umboni wa luso umene wolemba ntchito aliyense padziko angauone yekha. Koma chachikulu chili m'manja mwa osaina mapangano, ndipo pangano lobweretsa pulogalamu yatsopano m'zipatala za Ntcheu, limene silikutchula munthu amene adzaisamale ndi kumene malipiro ake adzachokere thandizo likadzatha, siliyenera kusainidwa.